Tsiku limene ndinasambitsa abambo anga

Ndinadzuka tambala asanalire. Ndinali nditangotsinzinako pakhonde, pakati pa azibambo amene anachezera nafe pamaliro. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atasonkha kale moto, ndipo utsi unkayenda pansipansi chifukwa kunali mvula yowaza.

Abambo anga ndiwo ankasambitsa maliro a amuna m'midzi ya kuno ku Ntaja kuyambira ine ndisanabadwe. Atakalamba anaterereka pamwala wonyowa kuseri kwa mzikiti, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Kuchipatala anawamangirira chitsulo cholemera kumwendo, anagona chagada miyezi ingapo, koma anabwerako osayendanso. Ntchito yawo sanaisiye. Kukagwa maliro anthu ankawanyamula pamachira n'kuwakhazika pamphasa pafupi ndi thupi, iwo n'kumauza ena chochita. Ine ndinkagwira ntchito ya njanji ku Balaka, ndipo ndikabwera kumudzi ndinkangowathandiza kuthira madzi. Chibayo chitawagwira, anandiuza kuti akadzapita ndidzawasambitse ndine. Ndinali ndisanasambitsepo munthu.

Kutacha anthu anayamba kufika. Asodzi a ku Chiuta anabwera panjinga, matope mpaka m'mawondo. Ena anatsika lole ya ku Liwonde. Akhristu a tsidya la msika anabwera ndi nkhuni pamutu, osaitanidwa. Achinyamata a chipani, amene ankakonda kufunsa makadi pamsewu wa kumsika, tsiku limenelo anangoima pambali anthu n'kumadutsa. Nkhope zambiri sindinkazidziwa, koma aliyense pondipatsa moni ankatchula bambo wake kapena mchimwene wake amene abambo anamusambitsa.

Kenako ashehe anandiitanira m'nyumba. Nditagwada pambali pa thupi, ndinazengereza kuyamba, ndipo iwo anaona.

"Mwana wanga, ngati mtima ukukana, nena. Alipo okuthandiza."

"Iyayi, ashehe. Anandiuza okha."

Ndinayambira mbali ya kumanja, ndi madzi ofunda, thupi lili lofunditsidwa ndi nsalu. Mwendo wothyoka uja unali waufupi, phazi litapendekera kunja. Powatembenuza ndinalowetsa dzanja pansi pa chiuno n'kuwasuntha pang'onopang'ono, monga tinkachitira ali moyo kuti asamve kupweteka. Ndinawasambitsa mpaka kumaliza. Ndinawakulunga munsalu zoyera n'kumanga. Ashehe anayang'ana mfundo zonse, anazigwira, osamasula ngakhale imodzi.

Pamene tinkatulutsa jeneza, chonyamulira maliro, mvula inali itakata. Amayi anaima pakhomo atagwirizidwa ndi azichemwali anga, popeza azimayi safika kumanda. Titawapempherera abambo pabwalo la mzikiti, tinalowa njira ya m'minda ya chimanga. Amuna anali ambiri moti palibe ananyamula mtunda wautali, ukangoika phewa wina wakugwira kale kumbuyo kuti umupatse malo. Mkulu wina woyendera ndodo anaipereka kwa mnzake kuti nayenso anyamuleko. Ndinkayenda pambuyo, misozi ili m'maso, koma mutu sindinaweramitse. Kumanda ndinatsikira ndekha m'dzenje, n'kuwagoneka chammbali, nkhope italoza kumene timayang'ana popemphera.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala phulusa ndi mapazi a anthu m'matope. Ndinakhala pakhonde ndi amayi. Dzuwa likulowa panafika bambo wina panjinga, atatopa, n'kukhala pansi chapatali.

"Pepani amayi, za malirowa ndamvera panjira," anatero. "Amalume anga atisiya masanawa. Ndinanyamuka kudzatenga bambo a pakhomo pano kuti akawasambitse, ndiye nditamva sindinadziwe kwina kolowera."

Amayi anatembenuka n'kuyang'ana ine.

Ndinamufunsa dzina la mudzi wake ndi njira yake, anandilongosolera.

"Pitani mukawauze afunditse madzi kukamacha," ndinatero. "Ndifika."

Atapita, amayi analowa m'nyumba kukayatsa nyali.