Mpando wa Kutsogolo

Achimwene anga atabwera kuchokera ku Kongo, kumene anakhala chaka chathunthu ndi asilikali osungitsa bata, tinakawachingamira pa Namitambo ndi pikapu yobwereka. Amalume ndiwo anakonza zonse. Mpando wa kutsogolo anaupukuta okha, n'kuyalapo chitenje chatsopano. Achimwene anauyang'ana mpandowo, anathokoza, kenako anakwera kumbuyo n'kukhala pathumba la nandolo. Kutsogoloko kunakhala amalume, akubayibitsa anthu njira yonse mpaka ku Mauwa ngati ochokera kunkhondo ndi iwowo.

Amalume athu nkhondo amaidziwa. Anagwirapo ulonda pasitolo ina ku Limbe, ali ndi chibonga ndi wenzulo, ndipo chichokereni kumeneko palibe nkhondo yomveka pawailesi imene sanaipambane ali pabawo.

Mawa lake masana achibale anadzaza pakhomo pathu. Thobwa litazungulira, amalume anaimirira.

"Mphwanga, anthuwa asiya minda yawo. Auze. Unagwetsa angati?"

"Palibe, amalume."

"Usachite manyazi, ansembe pano palibe."

"Mfuti anandilanda tsiku lomwe ndinakumana nawo."

Achimwene anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali m'kapu. Anali atatu, iwo ndi asilikali anzawo awiri, akuperekeza galimoto yamadzi, pamene zigawenga zinatulukira pamlatho. Patsogolo pa zigawengazo panali amayi a pamsika, madengu a chinangwa ali pamutu, ena ana ali kumsana. Mfuti zinali zitatsamira pamapewa a amayiwo.

"Inu mukanawombera pati, amalume?"

Amalume anati zimenezo zimafuna luso, ndipo anakhala pansi.

"Kunena zoona anatisamala," achimwene anapitiriza. "Chibadwire sindinalemekezedwepo choncho. Anali ndi malole atatu, ndiye aliyense wa ife anampatsa lole yakeyake. Ine yanga inali yoyambirira, ndipo anandikhazika pamwamba penipeni, poonekera bwino. M'mawa uliwonse ankanditsukira chisoti changa chabuluu ndi sopo, chonsecho iwo osasamba. Ankafuna kuti ndege za boma zikamadutsa zizichiona kuwala."

Mkulu wa zigawengazo, malinga ndi achimwene, anali munthu wolimba mtima kwambiri. Ankalankhula za kufera dziko katatu patsiku. Ulendo ukayamba ankakwera lole yapakati, n'kukhala pansi pa tenti, ana a sukulu atamuzungulira mbali zonse.

Pamwamba pa lole paja achimwene sanali okha. Pambali pawo anakhazikapo mayi wina, telala, amene anamutenga pamsika pamodzi ndi makina ake kuti azisoka zigamba pamayunifolomu awo. Chinenero sankamvana, kupatula mawu ochepa ofanana ndi athu, monga madzi ndi moto. Ndege ikamveka, mayiyo ankagwira mkono wa achimwene n'kuukweza m'mwamba kuti abayibitse. Achimwene amati mkonowo paokha sukanakwera.

Patatha masiku anayi, akuluakulu a mbali zonse anamvana. Atatuwo anawatsitsa pabwalo la sukulu ina, anawapatsa zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo mkulu uja anatuluka m'tenti n'kuwagwira chanza akumwetulira kuti ajambulidwe chithunzi. Telala uja anatsala pamwamba pa lole, atakumbatira makina ake. Iye analibe chisoti chabuluu, choncho panalibe akuluakulu omukambirana.

Nkhani itatha, anthu anayamba kukumbukira mbuzi zimene anasiya padzuwa, n'kumatsanzika mmodzimmodzi. Amalume anakhumudwa mpaka madzulo basi. Loweruka lotsatira ndikugulitsa tomato pa Namitambo ndinawamva akuuza anzawo a bawo kuti mphwawo anatsogolera mdipiti wa malole masiku anayi popanda chipolopolo chomukhudza. Sindinawatsutse. Bodza panalibe.

Amayi okha ndiwo sanaiwale telala uja. Lachisanu anauza ine ndi achimwene kuti tiwaperekeze kumishoni kukapempha Misa. Tinapeza akatekisiti ali muofesi, cholembera chili m'manja.

"Dzina lake ndani, mayi?"

"Sitilidziwa, bambo."

"Mudzi?"

"Ku Kongo."

Akatekisiti anavula magalasi. Anatifotokozera moleza mtima kuti mindandanda ilipo iwiri, wa amoyo ndi wa omwalira, ndipo munthu ayenera kukhala pa umodzi. Anafunsa kuti mayiyo ali pa uti.

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pakhomo, pomwe achimwene anatsala atagwira njinga.

"Lembani ponse pawiri," anatero amayi.

Akatekisiti anati zotere sizinachitikepo chiyambireni ntchito yawo, koma analemba. Lamulungu m'tchalitchi anawerenga kawiri konse kuti, "Mayi wosoka zovala wa ku Kongo," koyamba pakati pa odwala ndi a paulendo, kachiwiri pakati pa amene anatisiya. Mayi wina amene ndinakhala naye pabenchi anandinong'oneza kuti owerengayo wakalamba, wayamba kubwereza maina.