Chikhatho cha Jivi

Mng'ono wanga anakana kujambulidwa. Wojambula zithunzi atafika ndi njinga yake pasukulu pomwe ndinkaphunzitsa, kumapiri a Neno, iye anadzitsekera kuchipinda.

"Achemwali, mwana wanga asadzandione chonchi," anatero. "Adzati amayi ake anali mafupa okhaokha."

Sankanama. Matenda aja anali atamudya, ndipo tonse tinkadziwa komwe zinkalowera. Mwana wake wamkazi anali akuphunzira kumene kuyenda. Chithunzi cha mayi ake panalibe ndi chimodzi chomwe, ndipo zimenezi zinkandiwawa kuposa kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku.

Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba, mitengo yonse ya m'njira itamatidwa nkhope za andale. Ndinkakwiya ndikamaziona. Anthu onenepa kale nkhope zawo zili mbwee mpaka pazitseko za zimbudzi, mng'ono wanga wopanda ngakhale kachithunzi kamodzi.

Nzeru inachokera kwa mayi wina wa ku Mozambiki amene anatsala pamene anzake a kumsasa wa othawa nkhondo wa Luwani ankabwerera kwawo. Ankatigulitsa matemba. Kumsasako anaphunzira kudinda maluwa ndi masamba papepala, ndipo anati dzanja nalonso limadindika, mizere yonse n'kuoneka. Mng'ono wanga anayang'ana zikhatho zake, n'kuvomera. Zokhazo ndi zimene matenda anali asanazisinthe.

Ndiye inayamba ntchito yosankha zipangizo, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse. Choyamba chinali chodindirapo. Mayiyo anandituma mang'ina a ng'ombe. Tinawawiritsa mpaka msuzi unakhuthala, tinausefa pansalu n'kuuthira m'mbale yafulati. Kuzizira kwa Juni kunatithandiza: kutacha unali utagwirana, ukunjenjemera ngati chiwindi. Woyamba ndinauthira madzi ambiri ndipo unang'ambika nditangoukhudza. Wachiwiri unalimba.

Chopakira tinapanga ndi botolo, titaliveka chubu cha njinga. Pepala ndi lomwe linandizunza. La nyuzipepala linkang'ambika, la m'kope linali ndi mizere, kuseri kwa nkhope za andale kunali koterera, utoto osagwira. Ngakhale mapepala awo analibe ntchito. Mapeto ake aphunzitsi aakulu anandipatsa mapepala oyera olembapo mayeso, osandifunsa chilichonse.

Kunatsala utoto. Wamafuta wa kugolosale mayiyo anaukana, ati umamatirira n'kuwononga chodindirapo. Iye anati tipale mwaye wa kukhitchini, tiusakanize ndi phala lopyapyala la chinangwa.

"Mwaye susuluka, amayi," anandiuza. "Zidzukulu zidzaupeza."

Mng'ono wanga anamva ali pamphasa. "Zakuda ayi. Mukufuna kundilira ndikadali moyo?"

Kenako anatiloza zilonda za m'miyendo mwake, zomwe tinkazipaka jivi, mankhwala ofiirira aja a kuchipatala. "Tengani ameneyu. Kodi si uyu wakanika kuchoka pansalu zanu zonse, achemwali?"

Tinaseka, ndipo kanali koyamba kuseka m'nyumba imeneyo kwa nthawi yaitali. Zinalinso zomveka. Ndani sankadziwa kuti jivi akagwera pachovala ndiye kuti basi, ngakhale uchape mpaka manja atupe? Mayi uja anangoti iye sanamuyesepo. Ine ndinati chinthu chokanika sopo sichingagonje ndi china chilichonse.

Tinasakaniza jivi ndi phala lija, ndinapaka ndi botolo mpaka ponse panafanana. Ndinamugwira mkono n'kutsitsa chikhatho chake pang'onopang'ono. Anati pakuzizira bwino. Atachotsa ndinayala pepala, kulisisita, kenako kulisenda kuyambira pakona.

Ndinalitukula kuti tonse tione. Dzanja linatuluka loyererapo pakati pa kufiirira, mzere uliwonse uli pomwepo, ngakhale kachipsera ka mpeni wosendera mbatata komwe anadzicheka tili ana. Iye analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukhome pabalaza," anatero. "Asamachite kupempha kuti aone."

Anamwalira mvula isanayambe. Pepalalo ndinalikhoma pomwe ananena, moyang'anana ndi zenera, pomwe dzuwa la m'mawa linkafika. Chodindirapo chija chinali chitanunkha kalekale, agalu anadya.

Chinthu chimene umachiona tsiku lililonse sudziwa kuti chikutha. Anandidzidzimutsa ndi namwino wina wochokera ku Midzemba amene anabwera kudzacheza. Anafunsa chomwe chinali papepalapo, ndipo nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati jivi salimba padzuwa, n'chifukwa chake amasungidwa m'botolo lakuda. Ndinalichotsa tsiku lomwelo n'kuliika pansi pa sutikesi, koma zala zinali zitapita kale. Ngakhale mumdimamo linapitiriza kusuluka, kaya chifukwa cha chinyontho, kaya chiyani. Nsalu zanga zija, zomwe zinkangokhala m'dengu, madontho ake anali akadalipo. Ndinazitentha ndi mkwiyo.

Mwanayo ndinamulera ine. Atayamba sukulu, tsiku lina anabwera akulira kuti anzake onse amadziwa nkhope za amayi awo. Ndinatsegula sutikesi. Pepala linali lachikasu, ndi kamthunzi kotuwa pakona imodzi.

"Dzanja la amayi ako lili apa," ndinamuuza.

Analiyang'anitsitsa, analitembenuza, n'kulibwezanso. Kenako anaika kadzanja kake pakati.

"Apa, amayi aakulu?"

Ine ndemwe sindinkaona kanthu. Ndinayesa kukumbukira komwe chala chachikulu chinaloza, koma sizinabwere.

"Sunthira pang'ono kumanzere," ndinatero.

Anasunthira, dzanja n'kulisiya pomwepo.