Tsiku Limene Radek Anandisiyira Makina

Ntchito yanga yoyamba ku England ndinaipeza chifukwa cha thirakitala. Kwathu ndinkayendetsa ndi kukonza mathirakitala kumunda wa nzimbe ku Chikwawa. Mayi a Yankho atapeza ntchito ya unesi ku Coventry mu 2005 ndinawatsatira, koma Yankho tinamusiya kwa achemwali anga ku Blantyre poti mapepala ake anali asanatheke. Tinkakhala ku Hillfields, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Mayi ankagwira ma long day kuchipatala, ine n'kumaswera pawindo kuonerera mabasi. Tsiku lina mayi wa ku ejensi yopezera anthu ntchito, atamva za mathirakitala, anandifunsa kuti, "Pali rinki ikufuna munthu. Kuzizira mumakupirira?" Ndinavomera ndisakudziwa kuti rinki n'chiyani.

Rinki ndi bwalo la ayezi m'kati mwa chinyumba chachikulu ngati shedi ya fodya. Pansi pali simenti, m'simentimo muli mapaipi oziziritsa, pamwamba pake ndiye pamaundana madzi. Anthu amatererapo atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo kumapeto kwa sabata kumakhala mpira wa hoke, woseweredwa ndi ndodo. A Dennis, bwana wa pamalopo, sanachulutse mawu. Anandipatsa jekete ndi magolovesi, n'kuloza munthu wamtali wotsimphina amene ankakoka paipi. "Uyo ndi Radek. Zimene akuuze, chita zomwezo."

Radek anali wa ku dziko la Cheki, wa msinkhu wanga, ndipo anali atangofika chaka chapitacho. Kwawo anasewerapo hoke mpaka bondo litamukana. Chizungu chake chinali chochepa, dzina langa la Kachingwe linamuvuta, basi ndinasanduka Kachi.

Anandiyambitsa ndi eja, kamakina kokankha ndi manja kopalira ayezi amene amatundumuka m'mphepete mwa matabwa otchinga bwalo. Kenako kuyeza: umaboola ayezi ndi dirilo malo osiyanasiyana mpaka kugunda simenti, kuti udziwe pamene pakhuthala ndi pamene papyapyala. Pomaliza anandikweza pa makina aakulu osalazira. Kunsi kwake kuli mpeni wautali umene umameta ayezi, zitsulo zopota zimene zimakokera zometazo m'thanki, ndipo kumbuyo thaulo limayala madzi otentha ochokera m'thanki ina. Ndinadabwa ndi madzi otenthawo. Iye anati ozizira amaundana ndi timathovu ndipo sagwirana ndi ayezi wakale. Umayamba kuzungulira m'mbali, kenako mizere yopsompsonana mpaka pakati. "Osaima madzi akutuluka," ankabwereza. "Ukaima, wakumba chithaphwi." Ndinkayendetsa m'mawa mokha, m'bwalo mulibe munthu. Tsiku la mpira makina anali ake.

Lamlungu ndilo linali tsiku lotanganidwa kwambiri, choncho kutchalitchi, kumene Amalawi ankakumana, ndinasiya kuoneka. Nditapitako kamodzi bambo wina anandiseka: "A Kachingwe, mwachoka ku Chikwawa kudzakolopa firiji? Bwerani ku warehouse, ma shift ndi ambwee." Ndinaseka nawo, koma sindinabwererenso msanga. Kunyumba, ine ndikamalowa mayi amakhala akuvala yunifolomu, poti tsopano ankagwira usiku. Masiku ambiri munthu yekha amene ndinkayankhula naye anali Radek, pa nthawi ya tiyi, m'chipinda cha makina, titakhalira zigubu.

Nkhani yake inali imodzi: hoke ya kwawo. Ankati kumeneko ngakhale tauni yaing'ono imakhala ndi bwalo lake la ayezi, ndipo nyengo yozizira maiwe akaundana ana amathamangirako ndi ndodo zawo akangoweruka kusukulu. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito kufakitale ya magalasi, ankathira madzi kuseri kwa nyumba kuti m'mawa pakhale poterera. Anandiuza za 1969, pamene timu ya dziko lawo inagonjetsa Asoviyeti kawiri, patangopita miyezi akasinja awo atalowa m'dzikomo. Bambo akewo akuti anathamangira mumsewu osavala jekete, akulira. Anandiuzanso za mendulo ya golide ya ku Japan mu 1998, imene anaonera m'mawa pa kanema, nyumba yonse itadzaza anthu a m'mudadada wawo.

Chimene ankachikonda kwambiri chinali kundijambulira maligi ndi chala pa fumbi la thanki. Ligi yaikulu pamwamba, ina pansi pake, inanso pansi, mpaka timaligi ta m'zigawo. Nyengo ikamatha, timu ya kumchira imalimbana ndi imene ikufuna kukwera kuchokera pansi. Amati baráž. "Kuno ligi yaikulu ilibe kutsika," ankatero akupukusa mutu. "Nanga munthu aziopa chiyani? Kwathu timu ikatsika, osewera abwino amathawa, anthu amasiya kubwera, tauni imakhala ngati pagwa maliro." Chaka chimenecho timu ya kwawo inali kumchira, ndipo bambo ake ankamuimbira foni mpira uliwonse ukatha.

Lamlungu lina chakumayambiriro kwa Epulo, timu ya kwawoko inali ndi mpira womaliza wa baráž, ifenso masana tinali ndi mpira wathu. Tikukonza magolo m'mawa, foni yake inalira. Anayankhula chinenero chawo pang'ono, kenako anakhala pansi pa ayezi penipeni. Bambo ake anali atagwa pa masitepe a bwalo atapita kukatenga matikiti, ndipo anali kuchipatala osayankhula. Radek anavula magolovesi, anandiika kiyi wa makina m'manja. "Kachi, ndikupita ku eyapoti. Thanki udzaze madzi otentha. Osaima." Anatuluka atavalabe nsapato za pantchito.

A Dennis anaimba mafoni kufuna wina wodziwa makinawo, koma sanapezeke. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Utha?" Ndinati ndiyesa. "Ngati sutha nena pano, mpira tiuimitse." Ndinati nditha.

Mpira wa hoke umakhala ndi zigawo zitatu, ndipo pakati pa zigawo makina amalowa. Chigawo choyamba chitatha, chitseko chinatsegulidwa, ine n'kulowa anthu akundiyang'ana mbali zonse. Pa kona yoyamba matayala anatsetsereka, makina anakhula matabwa, ndipo anthu anakuwa mosekerera. Phazi linkafuna buleki. Ndinangobweza chiwongolero pang'ono n'kupitirira. Mizere yanga inali yokhota, ndinasiya kamzere kouma pakati, ndinachita kukabwereranso. Koma ayezi anaundana.

Vuto lenileni linabwera m'chigawo chachiwiri. Osewera awiri anagwera pa golo, chikhomo chogwira golo chinazuka, ndipo chinabenthula chibanthu cha ayezi mpaka simenti kuonekera, pomwe pamaima goloboyi. Refa anaimitsa mpira n'kukodola. Dzenje lotere lingathyole munthu mwendo. Ndinali nditaonapo Radek akutseka laling'ono, koma ine ndinali ndisanagwirepo.

Ndinatapa zometa za ayezi m'thanki, ndinathira madzi ozizira m'ndowa n'kusakaniza mpaka zitakhala ngati phala. Ndinalowa ndikukhwekhwereza mapazi, ndowa dzanja lina, botolo lozimitsira moto la mpweya wozizira dzanja lina. Ndinagwada, ndinatsindira phalalo m'dzenje pang'onopang'ono, ndinapempha kwa refa kampira kophwatalala kamene amasewerera n'kusalazira pamwamba, kenako ndinapopera mpweya uja kuti paume. Anthu anayamba kumenya mapazi. Wayilesi yoyankhulirana ya m'thumba mwanga inalira, a Dennis: "Kachingwe, fulumira, anthu atopa!" Nditadina ndi chala, m'kati munali mofewa. Ndinayankha kuti sipanakonzeke. Ndinapala pamwamba, ndinapoperanso, ndinaikanso phala lina lopyapyala. Mawondo anali atanyowa mpaka kuchita dzanzi. Goloboyi anabwera, anapondapo ndi nsapato yake yachitsulo, anagogoda ndi ndodo, kenako anandigogodanso pang'ono paphewa. Mpira unapitirira, ndipo chigambacho sichinachoke mpaka kumapeto.

Anthu atatuluka ndinatsuka makina, ndinakhuthula thanki, ndinayanika thaulo. A Dennis anangosuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Wachita bwino," basi anapita. Ndinkafunitsitsa kuuza munthu. Kunyumba ndinapeza mayi atapita kale kuntchito. Tsiku lotsatira nditayamba kufotokoza, anandimvera mpaka pa ndowa, maso akulemera. "Bambo a Yankho, pepani, ndili knackered. Mundiuze bwinobwino mawa." Sindinawaimbe mlandu, anali ataimirira usiku wonse.

Uthenga wa Radek unafika pakati pa sabata, mawu ochepa: bambo amwalira, timu yatsika, sindibweranso. A Dennis anagula khadi lopepesa, tonse tinasaina. Makina anakhala anga, ndipo ndinawayendetsa zaka zingapo, Yankho n'kufika n'kuyamba sukulu. Pa ntchitoyo ndinaphunzira kuti anthu akamakuwa, iwe uzimvera chala chako: ngati m'kati muli mofewa, sipanakonzeke. Mpaka lero ndikagwira ntchito imene munthu wina adzapondapo, sindilola kufulumizitsidwa.

Koma khadi lija silinandikhazike mtima pansi. Kwathu mnzako akaferedwa umapita, umakhala naye, ngakhale ulibe chonena. Ndinagula khadi loimbira kunja pa sitolo ya pakona, ndinamuimbira. Ndinapepesa monga timapepesera kwathu, koma Chizungu chathu tonse awiri chinatha msanga. Tinakhala duu. Kumbali kwake ndinkamva mbale zikugundana ndi mayi wachikulire akuyankhula chapansipansi. Nditati ndisanzike, iye anati, "Kachi, usadule kaye." Ndinakhalabe chomwecho, foni ili kukhutu, osanena kanthu, mpaka khadi linadzithera lokha.