Lendi ya Dzina la Amayi

Nditapuma pa ntchito ya ukalaliki ku esiteti ya labala, ndinamanga zipinda zisanu zogona alendo kufupi ndi Kande, pamalo amene kale anali munda wa chinangwa wa amayi anga. Malowo ndinawatcha dzina la amayiwo, dzina lawo lenileni pamodzi ndi chiwongo chawo, ndipo ndinalilembetsa pa chikwangwani m'mbali mwa msewu wa tala. Alendo anga anali aphunzitsi obwera kudzayang'anira mayeso, ogulitsa katundu wa m'magolosale, ndi anthu obwera ku maliro. Azungu ankangodutsa pa malole awo akuluakulu, kupita kwa anzathu a ndalama a kumchenga kunyanja.

Anayambitsa nkhani ndi mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Mzuzu. "Ada," anatero, monga timaitanira bambo kwathu kuno, "masiku ano mlendo sawerenga chikwangwani, amafufuza pa foni. Mukufunika webusayiti." Anandipezera mnyamata wa ku Lilongwe amene amakonza zimenezi.

Mnyamatayo anatsika minibasi atanyamula chikwama kumsana. Kondowole, nsima yathu ya chinangwa, anamukana, akuti amamata m'mano, ndiye tinamuphikira mpunga wa ku Limphasa ndi nsomba ya batala yowotcha. Atakhuta anatchula mtengo: K480,000.

"Ndalama imeneyi ndi ya chiyani ndi chiyani?" ndinamufunsa.

"Ya zonse, madala. Kukonza, zithunzi, dzina, zonse zili momwemo."

"Lembani chimodzichimodzi, chilichonse ndi mtengo wake."

Anaseka. "Inu mukanakhala a msonkho, tonse tikanathawa m'dziko muno."

Analemba ndithu, ndipo pepalalo ndili nalo. Kuti ndipeze ndalamazo ndinagulitsa injini ya boti imene ndinkabwereketsa kwa asodzi a usipa, imene inkandipatsa kangachepe mwezi uliwonse. Tsiku lomaliza kulipira ndinamuuza alembe pa lisiti ndi dzanja lake kuti zalipiridwa zonse, asayine, adinde. Anachita zonsezo uku akupukusa mutu. Palibe pamene analemba, kapena kunena ndi pakamwa, kuti chaka chikatha adzabweranso.

Sindinama, ntchito anaigwira bwino. Zipinda zinkaoneka zazikulu kuposa mmene zilili, ndipo pamwamba penipeni panali dzina la amayi m'malemba obiriwira. Ndinaitana wolemba zikwangwani wa ku Chintheche kuti awonjezere adiresi ya webusayitiyo pansi pa dzina. Ndinasindikizanso timakhadi, n'kugawira madalaivala a minibasi ndi anzanga a kutchalitchi. Chaka chimenecho kunabwera banja lina la ku Ulaya ndiponso anthu a bungwe lina loona za madzi. Ndalama ya injini sinabwerere, koma ndinati poyamba zimatero.

Chaka chitatha foni inalira.

"Madala, nthawi yakwana. Pakufunika ya chaka china, ya dzina ndi ya malo osungira webusayiti. Imalipiridwa m'madola, ndiye ndi mmene kwacha yagweramu, yakwerako pang'ono."

"Ndinalipira zonse. Lisiti ili pano, ndi siginecha yanu."

"Imeneyo inali ya kukonza ndi chaka choyamba. Dzina pa intaneti sagula, madala, amachita lendi."

"Dzina la amayi anga ndichite lendi kwa iwe?"

"Si kwa ine ayi. Ndi kwa akunja. Ine ndimangodutsitsa."

"Akunjawo anawadziwa amayi anga? Anabwera pa maliro awo?"

"Aa, madala, musandivute. Aliyense amadziwa zimenezi."

Aliyense amadziwa! Ine ndagwira ntchito ya mapepala moyo wanga wonse. Ndikudziwa kuti chimene aliyense amadziwa koma sichinalembedwe, ndicho chimene wogulitsa amabisa dala mpaka wogula atalowa. Akanandiuza tsiku lija akudya batala wanga, ndikanawerengera, mwina ndikanakana, injini ikanakhala ilipo. Ndinamuuza kuti sindilipira ngakhale tambala. Mwana wanga anati alipira yekha mwakachetechete. Ndinamuletsa mwamphamvu, ndipo anandimvera.

Patapita milungu ingapo webusayiti inazima. Sindinadandaule kwambiri. Ndinkaganiza kuti zili ngati golosale yotsekedwa: chitseko chili chokhoma, eni ake apita, basi. Adiresi ndinaisiya pa chikwangwani chifukwa penti nayenso ndi ndalama.

Inali Sabata ina, miyezi itapitapo, titangotuluka m'mapemphero. Mkulu wa mpingo mnzanga, amene tinaphunzira limodzi ku Bandawe tili ana, anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

"Ada, bizinesi iyi mwaiyamba liti?"

Anandipatsa foni yake. Pamwamba, pa mzere wa adiresi, panali dzina la amayi anga, lolembedwa bwinobwino, chilembo chilichonse m'malo mwake. Pansi pake panali juga. Mipira, makhadi, ndalama zowalawala zikugwa ngati mvula, ndi atsikana ovala tinsalu tosakwana kupukutira mbale. Ndinamubwezera foniyo msanga ngati yotentha.

"Achinyamata akhala akutumizirana sabata yonse," anatero. "Akuti agogo ogawa mgonero aja atsegula kasino. Ena ayesa kale kubetcha, akuti poti ndi kwa mkulu wa mpingo, sangaberedwe."

Amayi anga sankalola ngakhale bawo kuseweredwa pakhomo pawo tsiku la Sabata. Anayimba mu Umanyano, gulu la amayi a mpingo, mpaka mawu atawathera.

Sesheni, bwalo la akulu a mpingo, inandiitana. Ndinapita ndi fayilo yonse: pepala la mitengo, malisiti, kalata yogulitsira injini, ngakhale mauthenga a pa foni amene ndinawakopera pamanja. Abusa anawerenga zonse modekha, mpaka kumapeto.

"Ada, mapepala anu ali bwino, palibe akukukayikirani m'chipinda muno," anatero. "Koma anthu kunjaku sawerenga fayilo. Akuwerenga chikwangwani chanu, akulemba pa foni zimene mwalembapo, ndipo zikuwafikitsa kumene zikuwafikitsako."

Anandipempha, mwaulemu wonse, kuti ndiyambe ndapuma kugawa mgonero mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Anati si chilango. Koma pa mgonero wotsatira ndinakhala pa benchi, ndipo mbale inandipeza m'manja mwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kagwiridwe kake.

Ndinamuimbira mnyamata uja. Anayankha ulendo wachitatu. Anati dzina likapanda kulipiridwa limagwera pamsika, ndipo pali anthu kunja amene ntchito yawo ndi kutola mayina otere, makamaka amene anthu ankawatsegula kale. Ndinamufunsa kuti munthu amene watola dzina la amayiyo ndani, ali kuti, kuti ndimulembere kalata.

"Sadziwika, madala. Amabisa."

"Ndiye wakuba."

"Mwalamulo sanabe. Analipira, inu simunalipire."

Anafufuza mtengo woliwombolera. Unali woposa ndalama zimene ndinamangira zipinda ziwiri. Kenaka, mopanda manyazi, anati angathe kundikonzera webusayiti ina ya dzina lina, ndipo poti ndine kasitomala wakale andichotserako. Ndinadula foni.

Poyamba ndinangofuta adiresi yokha pa chikwangwani. Sizinathandize. Mwana wanga anandionetsa kuti munthu akangolemba dzina la malo anga pofufuza, choyamba kutuluka ndi juga yomweyo. Mphunzitsi wina wamkazi amene ankagona kwathu chaka chilichonse nthawi ya mayeso anapita kwina, akuti amuna awo anaona pa foni ndipo anakana. Timakhadi tija sindikanatha kutitolera, tinali titafika kale ku Dwangwa ndi ku Mpamba m'matumba a madalaivala.

Choncho ndinagula kachitini ka penti yoyera. Sindinaitane wolemba zikwangwani, sindinafune kuti dzanja la munthu wina lichite zimenezo. Ndinakwera pa mpando m'mbali mwa msewu, ana a sukulu akundiyang'ana, n'kufuta dzina la amayi. Pentiyo inali yopyapyala, malemba ankaonekerabe, ndinachita kubwereza. Tsopano chikwangwani chimangoti Malo Ogona Alendo. Sesheni inakhutira, ndipo ndinabwerera pa ntchito yanga ya mgonero.

Mpaka lero sindivomera kuti ndinali ndi ngongole kwa munthu aliyense. Ndinagula chinthu, ndinalipira mtengo umene anandiuza, ndipo anandilembera kuti zatha. Ena amati ndikanangolipira, inali yochepa poyerekeza ndi zimene zatayika. Amene amatero sanafunsepo kuti ndikanalipira mpaka liti, ndiponso kuti ine ndikadzafa adzalipire ndani kuti dzinalo lisagwere kumene lagweraku.

Mwezi wathawu mlongo wanga wamkulu anabwera kuchokera ku Usisya, kumene anakwatiwa. Ndi wokalamba, ulendo wa pa boti umamuvuta, ndipo nkhaniyi palibe anamuuza. Atakwera minibasi, kondakitala anamupitiriza mpaka pa mlatho chifukwa iye ankayang'ana dzina la amayi pa chikwangwani, osalipeza. Anabwerera wapansi, thumba la ufa wa kondowole lili pamutu. Asanalonjere n'komwe anandifunsa kuti dzina la ama lapita kuti.

Ndinalowa m'nyumba kukatenga fayilo. Nditatuluka nayo anati ndiibweze, iye sanafunse za mapepala.