Nsalu Yanga mu Mpira wa Ana

Mwana wanga wamwamuna anafika pakhomo dzuwa likadali pamwamba, anatunga madzi mu ndowa n'kuyamba kutsuka mapazi popanda womuuza. Mwana ameneyo chibadwire anali asanatsukepo mapazi ine ndisanakuwe. Komanso linali tsiku la mpira, tsiku limene ndinkachita kukamutenga ku bwalo la sukulu ndi kamtengo m'manja. Ndinasiya kupeta, ndinatchera khutu cha kubwaloko. Zii. Wezulo ayi, phokoso la ana ayi.

"Mwaweruka kale?"

"Ee."

"A kochi adwala?"

Ankangokhula chidendene ndi mwala, chidendene choyera kale.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa Nathenje, kuseri kwa magolosale, kwawo kwa amuna anga. Iwo anali ku Joni, ku migodi. Kwathu kwenikweni ndi ku Mitundu. Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, sukulu ndinalekeza panjira, ndipo ndinatsala ndekha ndi ana atatu: uyu woyamba wa zaka ngati khumi, kamtsikana kosayamba sukulu, ndi khanda kumsana. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, zimene munthu ukafuna kuseka unkayamba wayang'ana kumbuyo.

Amene ana ankawatchula kuti a kochi anali bambo wosoka nsapato pakhonde la golosale ina. Kale ankasewera mpira ku Blantyre, mu timu ya kampani, mpaka anthu ankawamva pa wailesi. Bondo litaguluka, kampaniyo inangowapatsa ya basi. Anabwera pa Nathenje akutsimphina, alibe mkazi, ali ndi kabokosi ka zosokera ndi mpira umodzi wachikopa. Madzulo ankasonkhanitsa ana ku bwalo. Koma mpira wawo unali ndi malamulo. Wojomba kusukulu sankaukhudza, ankangoima kuseri kwa golo n'kumatola ukalowa m'tchire. Ndipo asanayambe kusewera ankawakhazika pansi, n'kupinda buluku kuti aone bondo lija, lotupa ngati dzungu.

"Ili linandidyetsa zaka zochepa," ankatero. "Zikundidyetsa lero ndi zala izi. Iwe wamakutu, ukadzathyoka mwendo udzadya chiyani?"

"Ndidzakhala dalaivala."

"Dalaivala wosadziwa kuwerenga zikwangwani? Udzatigwetsera mu Linthipe tonse. Mawa ndikuone kusukulu."

Wina anamuperekeza okha kwa kalipentala kuti azikaphunzira Loweruka, wina kwa telala. Wangayu anati ali ndi phazi labwino lamanzere, koma manja ake ndiye oposa. Anamupatsa singano yokhota ndi ulusi wopaka phula, ndipo akaweruka kusukulu ankakhala nawo pakhonde paja. Ine ndinkakondwa, ndisaname. Bambo ake kulibe, ndiye pali munthu wamwamuna womuuza kuti ichi ayi, ichi inde. Ndinkawatumizira mbatata.

Ndiye chubu cha mpira uja chinaphulika, china osapezeka. A kochi anati palibe cholira, mpira umazazidwa sanza n'kusokedwa, umagudubuzika ndithu. Ntchitoyo anapatsa mwana wanga pamaso pa anzake onse. "Ukasoke wekha kwanu, ndione ngati unamva." Anabwera nawo ataukumbatira ngati mwana wa mbuzi. Ine ndemwe ndinamupatsa malaya akale a bambo ake kuti ang'ambe, n'kupita kumunda.

Zonsezi zinkazungulira m'mutu mwanga mwanayo akukhulabe chidendene. Kenaka ndinaona mayi woyandikana nane nyumba, amene ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa bwalo, akubwera ndi beseni lake losatha, akuyenda mofulumira koma osathamanga. Analowa mpaka kukhitchini osaodira.

"Amnzanga, mwamva?"

"Chiyani?"

"Mpira waphulika."

"Ndiye?"

Anayang'ana kunja, n'kutsitsa mawu. Ati mvula ya dzulo inanyowetsa bwalo, mpira unamwa madzi n'kulemera. Kamnyamata kena kanaumenya mwamphamvu, msoko unatseguka, sanza zinayamba kutuluka ngati matumbo a nkhuku. Ana osaleka, akuseka, akumenyabe, nsanza ina yaitali ikukwekwereka m'matope. Pansi pa mtengo panali atakhala anyamata a chipani aja ovala malaya ofiira, monga ankachitira masiku onse, kuonerera ndi kutolera zitumbuwa zaulere. Mmodzi anadzuka, anakaitola nsanzayo, n'kuitambasula.

"Nkhope, amnzanga. Nkhope ya eni dziko. Matope okhaokha, chidindo cha phazi pa diso."



Amene simunaone masiku amenewo mwina simungamve. Mayi aliyense ankayenera kukhala ndi nsalu ya chipani, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, yovala kokavina. Ikabwera yatsopano, yakale inkakhala vuto. Uipange thewera? Ungafe. Upukutire mbale? Uitaye kudzala kuti agalu aikoke? Uitenthe, wina aone utsi n'kufunsa? Ndiye tonse tinkangoipinda n'kuisunga pansi pa dengu la zovala, kaya yatha, kaya yadyeka. Yanga makoswe anali ataidya m'mbali monse.

Ndinalowa m'nyumba, ndinakhuthula dengu lonse pamphasa. Ndinasanthula kamodzi, ndinasanthulanso. Panalibe. Ndinangokhala pa zovalazo khanda likulira kumsana, ine osalimva.

Mnzanga uja anaima pakhomo n'kupitiriza ngati sakuona chilichonse. Ati anyamatawo anakuwa kuti wasoka mpira uwu ndani. Ana onse duu. A kochi anayandikira ndi kutsimphina kwawo kuja, n'kunena kuti, "Ndasoka ndine. Pa Nathenje pano alipo wina wosoka chikopa?" Anawafunsa kuti inu mulibe mkazi, nsalu ya amayi mwaitenga kuti. Iwo anati anagula mtolo wa sanza pamsika, sanayang'ane. Anawamenya mbama pamaso pa ana. Anamasula chingwe cha pagolo n'kuwamanga nacho manja. Ati asanawatenge a kochiwo anatembenuka, osayang'ana mwana aliyense kumaso, n'kunena monga ankanenera masiku onse: "Mpira watha. Aliyense kwawo, osathamanga."

"Koma za pamsikazo sanazikhulupirire," anatero mnzangayo. "Akuti Loweruka pa msonkhano wa amayi aliyense abwere ndi nsalu yake yakale, amayi apampando aone. Yanga ilipo. Yanu?"

"Ilipo."

Anayang'ana zovala zomwazikazo, kenaka anayang'ana panja pamene panali mwana wanga. Sanamuyang'ane kumaso ayi. Anamuyang'ana manja.

"Anawa papita nthawi asanakaone agogo awo, eti?"

Anasenza beseni lake n'kumapita.

Ndinamukokera mwanayo m'nyumba, ndinatseka chitseko.

"Unatenga nsalu ya pansi pa dengu?"

"Sanza zinandichepera, amayi. Inali yodyeka kale, inu simuvala."

"Nanga nkhope sunaione? Ulibe maso iwe?"

"Ndinaiona. Ndinaipindira mkati kuti isade."

Abale inu. Ndinafuna kumumenya, dzanja linakana kukwera. Anaipindira mkati kuti isade! Ndiye anayamba kulira, kulira kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, n'kunena kuti akufuna apite akawauze kuti anasoka ndi iye, a kochi awamasule. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja langa lonse mpaka anavutika kupuma. Ndinamuuza kuti sadzatenga iwe wekha. Adzati mwana sangaganize zimenezi, wamutuma ndi make. Adzanditenga ine, nanga khanda ili adzaliyamwitsa ndani? Bambo ako akadzatsika basi adzawalandira ndi unyolo. Tinkadziwa mabanja amene anachoka choncho, nyumba n'kumera udzu pakhomo.

Nditachotsa dzanja ndinagwira zala zake n'kuziyang'ana monga anaziyang'anira mnzanga uja. Chala cholozera chinali ndi mizere yochekeka ndi ulusi, phula lakuda litalowa m'menemo. Ndinazikhula ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga. Osachoka. Munthu aliyense wamaso akanadziwa kuti manja awa akhala akusoka. Ndipo timu yonse inaona a kochi akumupatsa mpira uja. Ana ambiri chonchija, ndani angawatseke pakamwa onse? Wina adzangopatsidwa siwiti.

Singano yokhota ija ndi ulusi ndinaziponya m'chimbudzi iye akuona.

Kutacha tinanyamuka. Njira ya ku Mitundu inkayamba yadutsa pa magolosale, panalibe kozembera. Pakhonde paja benchi ya a kochi inali pomwepo, nsapato ya munthu wina ili chigonere, msoko utalekezedwa pakati, ulusi ukulendewera. Ndinamva mwanayo akuchedwa kumbuyo kwanga. Kutsogolo, pa mphambano, panali awiri a malaya ofiira. Ndinamunyamula mlongo wake n'kumubereketsa kumsana kwake.

"Mugwire kunsiku ndi manja onse. Ukamusiya ndikupha."

Kamtsikanako kanakondwa, kakuti hachi, hachi. Manja aja anabisika pansi pa diresi lake.

"Ulendo wa kuti mayi, m'mawa muno?"

"Ku Mitundu, achimwene. Amayi athyola fodya, alibe wowathandiza kusoka."

Wamtaliyo anamuyang'anitsitsa mwana wanga. "Iwe si uja wa lamanzere?"

Ndinaseka. Mpaka lero sindidziwa kumene kunachokera kuseka kumeneko. "Uyu? Lamanzere lake ndi lodyera basi. Akanakhala wa mpira bwenzi akulephera kubereka ndi mwana yemwe? Taonani m'mene akupindikira."

Iwo anaseka nawo. Wina anati tikawabweretsere fodya wabwino pobwerera. Ndinati musadandaule. Tinadutsa, msana wanga ukuyabwa ngati pali maso obaya, koma sindinacheuke mpaka magolosale atabisika kuseri kwa chimanga.

Njira imeneyo ndi yaitali, yamatope nthawi ya dzinja. Njinga ikamveka kumbuyo ndinkalowetsa ana m'munda wa eni ake ngati tikufuna kudzithandiza. Tinafika dzuwa litapendeka, mapazi atatupa. Amayi anga ndinawapeza m'chigafa, atazunguliridwa ndi milu ya masamba, akusoka fodya. Atationa opanda katundu weniweni, opanda uthenga wotsogola, anaika singano pansi.

"Kwagwanji?"

Ndinagwada pafupi n'kuwanong'oneza zonse. Sanalire, sanakuwe. Anangoti, "Mayo ine," kamodzi, n'kumuitana mdzukulu wawo.

"Bwera kuno, amuna anga. Ndione manjawo." Anawatembenuza uku ndi uku. "Akuti umatha kusoka? Khala apa. Tenga singano iyi."

Pofika madzulo zala zake zinali bii ndi utomoni wa fodya, zochekeka ndi chingwe, chimodzimodzi za mwana aliyense wa m'mudzimo. Mizere ya a kochi ija inasowa m'kati mwa mizere inzake.

Kenaka amayi analowa m'nyumba, anatuluka ndi kanthu kokulunga m'thumba la feteleza. Inali nsalu yawo yakale, ya mtundu womwewo ndi yanga, yofwifwa koma yathunthu.

"Nanga inu akakufunsani?"

"Kuno mpira sunaphulike."

A kochi sitinawaonenso pa Nathenje. Ena ankati anawatengera kumwera, ena ankati anawatulutsa patapita zaka n'kupita kwawo. Ine sindidziwa. Benchi yawo mwini golosale anaiwaza nkhuni, bwalo lija linamera tsekera, ndipo panalibe kholo limene linafunsa kuti bwanji ana sakuseweranso.

Ndisananyamuke ku Mitundu ndinamutengera mwana wanga kuseri kwa chigafa. Ndinamugwira mapewa, ndinamuuza kuti kuyambira lero iwe mpira suudziwa. Anzako kuno akakulunga wawo wa masamba a nthochi, iwe uzidutsa ngati sukuuona, chifukwa phazi lakolo anthu adzalizindikira n'kuyamba kufunsa kuti anakuphunzitsa ndani. Sukulu ulowa ya konkuno. Wina akafunsa, wabwera kudzathandiza agogo.

"Mpaka liti, amayi?"

"Mpaka ndidzanene ine."

"A kochi anati ndisamajombe kusukulu."

"Ndiye usamajombe. Koma dzina lawo lisatuluke pakamwa pako."

Ndinawasiya awiriwo, iye ndi mlongo wake, kamtsikanako kakulira kakugwira chitenje changa mpaka amayi anachita kukamatula zala. Ndinabwerera ndi khanda lokha, nsalu ija nditaimanga pamimba m'kati mwa diresi, ikunyowa ndi thukuta njira yonse.

Loweruka tinafola pabwalo la msonkhano, aliyense nsalu yake yakale m'manja. Anyamata aja anaima m'mbali. Amayi apampando ankayenda pamzere, akutambasula imodziimodzi. Atafika pa ine ndinayamba kugwedeza khanda ngati ndikulitonthoza. Anaitambasula, anaitembenuza, anainunkhiza.

"Ikununkha fodya."

"Ndimaikamo masamba m'dengu, mayi, kuopa njenjete. Nsalu imeneyi sindifuna kanthu kaikhudze."

"Mwamva anzanu?" anatero mokweza, akuonetsa ena. Kenaka anatsitsa mawu. "Nanga mnyamata wanu uja sindikumuona?"

"Ali ku fodya kwa agogo ake. Chaka chino achita wambiri."

Mnzanga wa zitumbuwa anali pambali panga, maso ali pansi. Ng'oma zitayamba sindinadikire kuti andiitane. Ndinamangitsa khanda kumsana, ndinapita kutsogolo kwenikweni, pamene a malaya ofiira akanandiona bwino, ndipo ndinavina, ndinaimba mokweza kuposa mayi aliyense pa Nathenje, mpaka mawu anandithera.