Sitima ya Atate Yafika Kunyanja

Loweruka lapitali ndinatenga atate ku Natuseko kuti akamete m'tauni. Kwa ometa kunali mzere, ndiye tinakadikirira m'kashopu ka mng'ono wanga Tisa, momwe anthu amagwiritsa ntchito makompyuta. Tinamupeza akusewera masewera oyendetsa sitima ya pamtunda pa kompyuta, mayi wa ana awiri, lilime kunja.

Ine ndinayamba kumuseka. Atate sanaseke.

Atate anayendetsa sitima unyamata wawo wonse, kukoka mtovu wa mgodi wathu uno. Katunduyo ankapita kudoko, koma iwo sankafika. Lamulo la ntchito linali lakuti ukafika pomwe gawo lako lathera, umatsika, mnzako n'kupitiriza. Nyanja yamchere ankangoimva kwa ena.

Antchito a njanji ankapatsidwa pasi yaulere chaka chilichonse. Anzawo ankapita nayo kutali. Atate ankatikweza tonse kupita kukacheza kwa abale, n'kumati kunyanja adzapita akadzapuma, iwo ndi amayi, popanda ana osokosa. Kenako mgodi unatsekedwa, njanji inapita m'manja mwa ena, ntchito inatha, pasi inathera pomwepo. Amayi anatisiya. Lero miyendo ya atate yatupa, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti za maulendo ataliatali tiiwale. Chichokereni ntchito, nkhani ya sitima saifuna pakhomo.

Kodi muno mu Kabwe ndi angati amene anasungira zabwino tsiku lopuma? Wina ankati adzamanga kumudzi, wina ankati adzaphunzira gitala. Sanali aulesi, ndipo sanali opusa. Anawaphunzitsa kuti kampani ndi kholo, ndipo kholo siligulitsidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Koma ndani akanawauza zimenezo mawilo a pamgodi akuzungulira?

Tisa anatifotokozera kuti opanga masewerawa, anthu akutali omwe sitiwadziwa, amapempha osewera kuti atchule njanji zokongola za m'mbali mwa nyanja zoti aziwonjezere. Mayina onse amene anali atalembedwa anali a kunja.

"Ba Daddy, imwe mungasankhe iti?" anafunsa Tisa. "Nilembe manje manje."

Ndinamutsina. Ndinkaopa kuti atate anyamuka.

Koma iwo anati, "Uwauze ayambire muno. Asadule panjira ayi. Munthu mmodzi ayendetse mpaka akaone madzi."

Tisa analemba, ndipo atate sanalekere pomwepo. Anati aikemo mitengo ya mutondo, azimayi ogulitsa nthochi pawindo, mlatho, ndi kutentha kwa dzuwa la m'chilimwe komwe kumavinitsa njanji patsogolo. Atafika pa za nyanja anakakamira. Nyanjayo anali asanaionepo.

"Iliko njanji imozi ya ku sea kudala mu game muno," anatero Tisa. "Si yathu, koma manzi ni manzi chabe. Nkalani apa."

Ndinaona atate akukhala pampando wapulasitiki mowongoka ngati ali pa benchi ya madoda kutchalitchi. Tisa anawaonetsa batani la mabuleki ndi la huta. Anadandaula kuti sitima yopanda fungo la dizilo si sitima. Anadandaulanso kuti mpando sukugwedezeka. Koma ananyamuka bwinobwino, ndipo pamphambano iliyonse analiza huta, ngakhale panalibe ndi mbuzi yomwe.

Ine ndakhala ndikulalata m'danga lino kuti makompyuta akutibera ana. Mawu anga sindikubweza onse. Koma ndikufuna kuthokoza, ndipo ndikuthokozadi kuchokera pansi pa mtima, munthu amene anakhala pansi kwinakwake n'kujambula mafunde aja limodzi ndi limodzi. Sankadziwa kuti kuli mudala wina wotupa miyendo ku Natuseko. Ndikuthokozanso Tisa, yemwe anafunsa funso lomwe tonsefe tinkalizemba poganiza kuti ndiko kuwasamala atate. Kodi kukhala chete kwathu kuja kunkateteza iwo, kapena ife?

Pempho lathu mwina saliwerenga n'komwe. Anthu a mtunda ngati ife, kupempha njanji ya kunyanja! Zilibe kanthu.

Sitima inalowa m'phanga, pagalasi panada. Itatulukira mbali ina, kumanzere konse kunali madzi, obiriwira mpaka kumwamba, mafunde akumenya miyala m'munsi mwa njanji. Atate anasendera pafupi. Dzanja lawo linachoka pa mabatani.

Patsogolo panabwera sitesheni, anthu ojambula ataima ndi zikwama zawo. Sitima inangodutsa. Kompyuta inalira, n'kulemba mofiira kuti woyendetsa walephera.

"Ba Daddy, mwapitilila station," anatero Tisa. "Niyambilenso?"

"Moyo wanga wonse sindinapitirirepo sitesheni," anayankha atate, maso ali pamadzi. "Aleke adikire. Usakhudze chilichonse."