Inki ya a Daka pa pensulo ya alamu awo

Mukatsika basi pa boma la Petauke n'kulunjika kumsika, zikwangwani zambiri zimene muwerenge m'njiramo zinalembedwa ndi dzanja limodzi: pa malo ometera, pa magolosale, pa butchala, ngakhale kumbuyo kwa ngolo za ng'ombe zobwera ndi chimanga. Mwini dzanjalo ndi Bonaventure Daka. Dzina loyambalo limagwira ntchito pa chitupa pokha. Kwa ife tonse ndi a Daka a zikwangwani.

Ine ndine Febby, ndili ndi kashopu ka fotokope. Khoma la shopu yanga ndi la kachipinda kawo ndi limodzi, choncho akatsokomola ndimamva, akagwetsa chitini cha penti ndimamvanso, pamodzi ndi mawu amene amatsatirapo. Mawuwo sindiwalemba pano, poti munthuyu amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi.

Anabadwira ku Mwape, m'boma la Nyimba. Khasu ankalidziwa koma sankalikonda. Atakula anapita kukagulitsa nthochi pamsewu waukulu pa Nyimba, ndipo tsiku lina analemba mtengo wa nthochizo pa katoni ndi khala la moto. Analemba mokongola moti anthu a m'basi ankaloza katoniyo m'malo moloza nthochi. Anzawo ogulitsa anayamba kuwapempha kuti awalembere zawo, kenako eni mashopu, ndipo papita zaka makumi atatu chisiyireni malonda a nthochi.

Ndi munthu wokhutira ndi zimene ali nazo: njinga, akazi awo amayi Jessy, kamunda ka mtedza kamene amalima amayiwo, ndi mabulashi asanu ndi anayi amene amawatsuka kuposa mmene amatsukira mapazi awo. Makina osindikiza zikwangwani atafika m'tauni muno ndinkayesa adandaula. Iwo anangoti, "Makina yaziba kulemba, koma makwelelo siyakwela," n'kupitiriza kusakaniza penti.

Koma ntchito imene ili pamtima pawo si ya pakhoma ayi. Pokwatira amayi Jessy anapezanso mlamu, a Conrad Miti, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakhala m'mudzi wina kufupi ndi Minga. A Miti amajambula ndi pensulo. Kwa zaka khumi ndi zisanu akhala akujambula timabuku ta ngwazi yawo yotchedwa Nyundo, mwamuna amene mphezi inamupeza ali mu mgodi wakale wa golide ku Sasare, ndipo m'malo mofa anatuluka ndi mphamvu zonyamula lole ndi dzanja limodzi. Nyundo amavala ovolosi ndi chitenje paphewa. Wagwirapo akuba ng'ombe, waimitsapo basi yoduka mabuleki, ndipo chaka china cha chilala anakoka mtambo wa mvula ndi chingwe kuuchotsa ku Mozambique. Ana a sukulu amagula, makolo awo n'kuwalanda kuti ayambe kuwerenga ndi iwo.

Vuto n'lakuti makina anga pensulo saiona bwino. Tsamba la a Miti mukangoliika momwemo limatuluka lotuwa ngati munthu wosamba osadzola mafuta. Apa ndi pamene amalowera a Daka. Masamba akabwera Lachisanu, amasamba m'manja ndi sopo, amachotsa zitini za penti patebulo, n'kutulutsa botolo la inki yakuda ndi kabulashi kowonda kuposa tonse.

Ena amati ntchito imeneyi ndi kungolondola mizere ya mnzako, monga amachitira ana a giredi wani. Mukafuna kuyambana ndi a Daka, nenani zimenezo. A Miti akamasaka chibwano cha Nyundo amakanda mizere inayi kapena isanu, ndipo wa inki ndiye amasankha umodzi woti ukhale. Chinthu cha pafupi amachipatsa mzere wonenepa, cha kutali wowonda. Pamene a Miti akufuna mdima amangoikapo kamtanda, a Daka n'kudzaza malo onsewo ndi inki, uku akung'ung'udza kuti mlamu wawo amaika mitanda yambiri kuposa ya kumanda. Inki ikauma amatenga labala n'kufufuta pensulo yonse, kenako tsambalo limabwera kwa ine.

Chikuto chokha ndicho amachipaka mitundu, ndi utoto wa madzi uja wa ana a sukulu. Pensulo sinena kuti chitenje cha Nyundo ndi cha mtundu wanji. A Miti ankachiganizira chabuluu, koma a Daka anachipaka chofiira, ati munthu wolimbana ndi akuba m'fumbi la kwathu kuno sangavale zoti azichapa tsiku lililonse. Anakangana mwezi wathunthu, chitenjecho chikadali chofiira mpaka lero. Chimanga nachonso sachinamizira. Nkhani ikakhala ya mu Febuluwale sachipatsa mtundu wa mu Epulo.

Ndinawafunsapo ngati siziwawawa kuti pa chikuto dzina lawo limakhala laling'ono, pansi pa la a Miti, chikhalirecho olemba mayinawo ndi iwo omwe. Anandiyankha kuti, "Mu kwaya besi siimveka payokha, koma ichotseni muone."

Chaka chatha a Miti anadwala sitiroko. Anagona m'chipatala milungu itatu, n'kutuluka akuyendera ndodo, kulankhula kuli bwinobwino, koma dzanja lamanja likunjenjemera. Patatha miyezi iwiri masamba anayambanso kubwera, mizere yake ili yogwederagwedera.

A Daka anali ndi mantha amodzi. Ankaopa kuti mlamu wawo akadzaona kunjenjemerako kutasindikizidwa pa makope, adzaika pensulo pansi osaitolanso, ndipo munthu ngati ameneyo akasiya kujambula sachedwa kusiya ndi kudya komwe. Ndiye anachita chimene anachiona kuti n'chifundo. Mzere uliwonse wogwedera ankauwongola mwakachetechete. Nyundo ankatuluka wathanzi monga kale, a Miti osanenapo kanthu, a Daka n'kumakondwa mumtima kuti awabisira bwino. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinkawayamikira. Sindikana, m'cholakwacho ndinalimo.

Kabuku ka mwezi wa Juni kanathera pa chithunzi chimodzi chodzaza tsamba lonse. Denga la mgodi likugwa, anthu akuthawa, Nyundo wachirikiza thanthwe ndi manja awiri. Pa mikono yake pensulo inanjenjemera kuposa masiku onse, mizere itatuitatu yogwedera kuyambira paphewa mpaka ku zala. A Daka anapukusa mutu ndi chisoni, n'kujambula mikono iwiri yolimba ngati mizati ya khola. Anafufuta pensulo, ine n'kupanga makope.

Loweruka m'mawa a Miti anabwera pa minibasi kudzatenga makope awo. Anakhala pa benchi ya m'shopu mwanga, anavala magalasi, n'kumatsegula masamba akumwetulira. Atafika pa lomaliza kumwetulirako kunatha. Anandituma kuti ndiitane alamu awo.

"Alamu, uyu nindani?" anafunsa a Miti, chala chili pa chithunzi.

"Ni Nyundo, nanga nindani?" anatero a Daka, akupukuta penti m'manja.

"Nyundo wanga lini uyu." A Miti akakwiya Chinsenga chimabwera chokha, ndipo "lini" ndiko kukana kwake. "Nyundo wanga wakalamba. Mwala wamulemela, manja yanjenjema, koma sautaya. Nkhani yonse ni yamene iyo. Uyu wanu anyamula mwala monga ni pilo. Manje anthu azamvelapo chani?"

"Ine nenze naganiza kuti ni..." A Daka sanamalize. Maso awo anali pa dzanja la alamu awo.

"Kuti ni matenda. Niziba. Muganiza sinenze kuona kuti muniwongolela mizele kuchokela pamene ninachoka mu chipatala? Ninakhala chete chifukwa kwenze kunithandiza. Koma mwala uja munauona? Wenze wokhota olo wowongoka?"

A Daka anakumbukira mmene pensulo ija inalili. Thanthwe lija linali lowongoka bwinobwino, nkhope za anthu othawa aja chimodzimodzi. A Miti anatifotokozera kuti anatha masiku anayi akujambula zimenezo, dzanja lamanzere litagwira lamanja kuti lisagwedezeke, n'cholinga choti kunjenjemera kuoneke pa mikono pokha. Atafika pa mikonopo anangolimasula dzanja lodwalalo kuti lichite zimene limachita.

"Chaka chonse dzanja ili lanichititsa nsoni," anatero. "Kamozi chabe lanigwilila nchito, imwe mwafufuta."

Anapempha tsamba lenilenilo kuti aone pensulo yawo. Panalibe. Labala inali itadutsapo kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Anaimirira, anatenga ndodo, makope aja n'kuwasiya pa benchi.

Milungu isanu masamba sanabwere. Kuseri kwa khoma lija kunali zii, moti ngakhale mawu oipa aja ndinayamba kuwasowa. Amayi Jessy, ali pakati pa mwamuna ndi mlongo wawo, anakana kulowererapo, ati zojambula zinawayambanitsa, zojambula zomwezo ziwayanjanitse. A Daka anapalasa njinga kawiri kupita ku Minga. Ulendo woyamba anauzidwa kuti aphunzitsi akupuma. Wachiwiri anapatsidwa mpando ndi thobwa, anacheza za feteleza ndi za mvula, pensulo osaitchula.

Ine ndinawauza a Daka mosabisa kuti safunsa anadya phula, ndipo phulalo tinadya tonse awiri. Anandiyankha kuti zaka zonsezi ankadzitama kuti amamva zimene pensulo ikufuna, koma atangoyamba kumvera chisoni mwini wake anasiya kuyang'ana tsamba. Zinandiwawa kuwaona choncho, poti akuluakulu awiriwa ndimawakonda.

Lachisanu lina masana a Miti anangotulukira, envulopu ili kukhwapa. Anali atalijambulanso tsamba lija. Sanalisiye n'kubwerera monga ankachitira kale. Anakoka mpando n'kukhala pambali pa tebulo la a Daka. Ine ndinatseka shopu, ofuna fotokope adikire.

A Daka anayamba ndi thanthwe, kenako anthu othawa, zonse myaa. Atafika pa mikono anatenga kapepala kena kuti ayesere kaye, ndipo apa ndi pamene tinaona zoseketsa. Dzanja lija, limene lalemba mizere yowongoka pa makoma a Petauke zaka makumi atatu, linakana kunjenjemera. Akaliumiriza linkatulutsa mano a sowo, ofanana onse, olongosoka ngati zokongoletsa za m'mphepete mwa chikwangwani cha saluni. Anayesa kasanu ndi kawiri, thukuta lili kamukamu.

"Nakangiwa, alamu," anatero potsiriza. "Dzanja langa siliziba."

A Miti anaseka, kuseka kwenikweni kumene tinali tisanakumve chidwalireni. "Manje mwaona kuti nayo ni nchito? Sendelani kuno."

A Miti anasendeza mpando, n'kuika dzanja lawo lodwalalo pa mkono wa a Daka, pafupi ndi chikhatho. Kabulashi kanayamba kugwedera. A Daka ankalondola njira ya pensulo, a Miti ankapereka kunjenjemera, ndipo anatsika choncho pang'onopang'ono kuchokera paphewa la Nyundo mpaka ku zala, mizere yonse itatu, mkono uwu kenako uwo. Pa pepala panatuluka nkhalamba imene mwala waikulira msinkhu koma ikukana kuutaya. Ine misozi inalengeza m'maso, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tinadikira kuti inki iume. A Miti anaitanitsa tiyi, anadandaula kuti shuga wachepa, anadandaulanso kuti chitenje chija chikanakhala chabuluu. A Daka anatola labala mwachizolowezi. Anaifikitsa pamwamba pa tsamba, n'kuima. Pa zaka khumi ndi zisanu anali asanafunsepo zimenezi kwa munthu aliyense.

"Nifufute, alamu?"

A Miti anavala magalasi, anawerama, n'kuyang'ana mikono ija kanthawi ndithu.

"Fufutani," anatero. "Palibe chamene chasala mu pensulo."